Buku la Galileo la Kugwa kwa Miyala

M'caka ca 1638, mu mzinda wa Leiden ku Holland, osindikiza mabuku a banja la Elzevir anatulutsa buku la munthu wa ku Italy, dzina lace Galileo Galilei. Mwini bukulo sanathe kuliwerenga, pakuti pamene linatuluka iye anali nkhalamba ya zaka 74, ndipo maso ace onse awiri anali atacita khungu. Anali kukhala m'nyumba yace pa mudzi wa Arcetri pafupi ndi Florence, wosaloledwa kupita kumene afuna. Mu 1633 bwalo la milandu la Eklezia ku Roma linamtsutsa cifukwa ca buku lina, limene linaphunzitsa kuti dziko lapansi limazungulira dzuwa, ndipo kuyambira pamenepo zolemba zace sizinaloledwe kusindikizidwa kwao. Cifukwa cace mapepala anatumizidwa kunja. M'mau oyamba a bukulo Galileo adzionetsa ngati wodabwa kumva kuti anthu a ku Holland alikusindikiza zolemba zace. Koma kumeneko kunali kucenjera kwa munthu amene analumidwapo kale.

Dzina la bukuli m'Citaliyana ndi lalitali, koma anthu amalichula mwacidule kuti Nzeru Ziwiri Zatsopano. Nzeru yoyamba ndiyo ya kulimba kwa zinthu: cifukwa ninji mtanda umathyoka. Yaciwiri ndiyo ya kayendedwe ka zinthu: mwala umagwa bwanji, cipolopolo cimadzera njira yotani. Ambiri amalitamanda bukuli osalitsegula, monga anthu atamanda mfumu yakale imene sanaione. Koma buku liri ngati mlandu, liyenera kumvedwa mbali zonse. Muli masamba amene agwira wowerenga pa dzanja namuonetsa cinthu cimene angathe kuyesa yekha, ndipo masamba amenewo sanakalambe kufikira lero. Mulinso ena amene afuna kuti wowerenga angobvomera, ndipo pamenepo mpamene Galileo anaphunthwa.

Anthu atatu oceza

Galileo sanalembe monga mphunzitsi woima patsogolo pa ana. Anaika nkhani yonse m'kamwa mwa anthu atatu oceza masiku anai. Salviati ndiye anena maganizo a Galileo. Sagredo ndi munthu wanzeru wokonda kufunsa, wosacita manyazi kunena kuti sanamve. Awiriwa anali abwenzi ace enieni amene anamwalira kale, ndipo iye anawaukitsa m'buku. Wacitatu, Simplicio, aimira aphunzitsi a m'masukulu akulu a nthawi ija, amene anali kutsata mau a Aristotle, Mgiriki amene anamwalira m'caka ca 322 Kristu asanabadwe.

Malo amene kucezako kuyambira ndi oyenera kuyamikira. Sikuyambira m'nyumba ya mabuku ai, koma pa nkhani ya bwalo lopangira zombo ku Venice, pakati pa amisiri a matabwa ndi a zingwe. Mmisiri wina wokalamba anali atanena kuti combo cacikulu cifuna mizati yambiri yocigwiriziza pocitsitsira m'madzi, popeza cingathe kuthyoka ndi kulemera kwace komwe, pamene bwato laling'ono silisowa zimenezo. Sagredo ayesa mauwo nthano cabe ya anthu osaphunzira. Salviati amuyankha kuti mmisiriyo anena zoona, ndipo patsiku laciwiri aonetsa cifukwa cace. Mtanda ukakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi m'kucindikala momwe, kulemera kwace kukula kasanu ndi katatu; koma nkhope ya poduka pace ikula kanai kokha. Tsono cinthu cikamakula, kulemera kuthamanga kuposa kulimba. Ndico cifukwa cace mafupa a nyama yaikulu amakhala onenepa kopambana, ndipo kagalu kangathe kusenza tigalu tiwiri kapena titatu tolingana nako, pamene kavalo sangasenze ngakhale kavalo mnzace mmodzi. Ali yense amene anaikapo mtanda wautali pa denga la nyumba yaikulu, nauona ulikupindika wokha, adzamva kuti mbali imeneyi inalembedwa ndi munthu womvera amisiri osawanyoza.

Miyala iwiri

Nkhani ya kugwa kwa zinthu iyamba patsiku loyamba lomwelo. Aristotle anaphunzitsa kuti cinthu colemera cigwa msanga kuposa copepuka, ndi kuti liwiro lace litsata kulemera kwace: mwala wolemera kakhumi utsika msanga kakhumi. Mau amenewa anakhala zaka pafupifupi 2,000. Nkosayenera kumuyesa Aristotle citsiru. Munthu akataya tsamba ndi mwala pamodzi, mwala ufika pansi tsamba likali m'mwamba. Maso omwe acitira umboni ciphunzitsoco. Ndiponso anthu sakonda kutsutsa akulu, pakuti amati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma awa anagonera nthawi yaitali, ndipo owadzutsa ndi kuwafunsa anali owerengeka.

Salviati awafunsa motere. Pakhale miyala iwiri, waukulu wotsika ndi liwiro la 8, waung'ono wotsika ndi liwiro la 4. Wina aimange pamodzi naigwetse. Kodi idzatsika bwanji? Ngati Aristotle anena zoona, waung'ono udzacedwetsa waukulu, monga mwana acedwetsa amace pa ulendo, ndipo iwiriyo idzatsika ndi liwiro losafika 8. Koma miyala iwiri yomangidwa pamodzi yasanduka katundu mmodzi wolemera kuposa mwala waukulu uja, ndipo mwa ciphunzitso comweco katunduyo ayenera kutsika ndi liwiro loposa 8. Katundu mmodzi sangafulumire ndi kucedwa nthawi imodzimodzi. Ciphunzitso cadzitsutsa cokha.

Simplicio sagonja msanga, ndipo funso lace ndi labwino. Afuna kudziwa ngati mwala waung'ono, ukaikidwa pamwamba pa waukulu, suonjezera kulemera. Yankho la Salviati ndi limodzi la malo okoma koposa m'buku lonse. Munthu amva kulemera kwa katundu pa phewa pace cifukwa alikumletsa katunduyo kugwa. Akadakhala kuti iye ndi katundu wace alikugwa pamodzi pa liwiro limodzi, katunduyo sakadamkanikiza konse. Apa palibe ciwerengero cobvuta, palibe liu lacilendo, ndipo cimene cinenedwa ndi coona ndithu. Ndico cifukwa cace anthu oyenda m'zombo zozungulira dziko m'mlengalenga amayandama m'kati mwa combo cao: iwo ndi comboco alikugwa pamodzi.

Nanga tsamba lija? Galileo ati colicedwetsa ndi mpweya. Zinthu zosiyana kulemera zisiyana kwambiri potsika m'madzi, koma mu mpweya zisiyana pang'ono. Tsono pa malo opanda mpweya konse, ubweya ndi mtobvu zikadagwa pamodzi. Iye analibe njira yocotsera mpweya kuti aone. Koma mu 1971 David Scott, ataima pa mwezi pamene palibe mpweya, anataya nyundo ndi nthenga ya mbalame nthawi imodzi, ndipo zinafika pa pfumbi pamodzi, anthu a pansi pano alikupenya pa kanema.

Komabe wowerenga woona mtima ali ndi dandaulo pano. Galileo alemba ngati palibe wina anapondapo njirayi. Koma John Philoponus wa ku Alexandria anatsutsa Aristotle pa nkhani yomweyi zaka 1,000 Galileo asanabadwe. Giambattista Benedetti wa ku Venice anali atalemba kale fanizo la zinthu ziwiri zolumikizidwa. Ndipo Simon Stevin anasimba mu 1586 kuti anagwetsa mbulunga ziwiri za mtobvu pa thabwa, ina yolemera kakhumi kuposa inzace, kucokera pa msinkhu wa mapazi 30, ndipo kugunda kwace kunamveka ngati kumodzi. Bukuli silichula ngakhale mmodzi wa iwo. Nkhani yochuka ija yakuti Galileo anagwetsa zitsulo pa nsanja yopendekeka ya ku Pisa, m'bukuli mulibenso. Anaisimba ndi wophunzira wace Vincenzo Viviani, mwini wace atamwalira.

Thabwa ndi madzi

Kunena kuti miyala igwa pamodzi sikunathe nkhani. Mwala sutsika ndi liwiro limodzi; uyamba pang'ono, numka nufulumira. Kodi kufulumirako kutsata lamulo lotani? Bvuto linali la nthawi. Mwala wogwa pa denga ufika pansi munthu asanaphethire kawiri, ndipo masiku amenewo kunalibe wochi yowerenga timphindi tating'ono. Galileo anaganiza zocedwetsa kugwako kuti maso athe kukutsata, ndipo patsiku lacitatu Salviati alongosola m'mene anacitira. Anatenga thabwa lalitali mikono 12, ndiwo mamita pafupifupi 7, nagoba kanjira koongoka m'mphepete mwace, nayalamo cikopa cosalala. Anakweza mbali imodzi ya thabwalo mkono umodzi kapena iwiri, nagubuduza m'kanjiramo mbulunga ya mkuwa yosalala bwino. Poyesa nthawi anapacika cotengera cacikulu ca madzi, cokhala ndi kampopi kakang'ono pansi pace. Mbulunga ikayamba ulendo, madzi ayamba kugwera m'cikho, ikafika, aleka. Pambuyo pace madziwo aikidwa pa sikelo. Madzi olemera kawiri ndiyo nthawi yotalika kawiri. Munthu ameneyu anapima nthawi pa sikelo monga wa pa sitoro apima mcere.

Cimene anapeza ndi ici. Mbulunga itha gawo limodzi la magawo anai a thabwa pa theka la nthawi ya ulendo wonse. Kunena kwina, ikayenda phazi limodzi pa kamphindi koyamba, pa kaciwiri iyenda mapazi 3, pa kacitatu 5, pa kacinai 7. Kuwaphatikiza pamodzi kupatsa 1, 4, 9, 16, ndiko kuti ciwerengero ca timphindi kuciculukitsa ndi ico comwe: 2 ndi 2, 3 ndi 3, 4 ndi 4. Masiku ano cidziwika kuti mwala wogwa molunjika utsika mamita pafupifupi 5 pa sekondi yoyamba, 15 pa yaciwiri, 25 pa yacitatu. Munthu wofuna kudziwa kuya kwa citsime angathe kugwetseramo mwala nawerenga. Ukamveka patapita masekondi 2, madzi ali pansi mamita pafupifupi 20.

Kulongosola kwa Salviati nkomveka kotero kuti mmisiri wa matabwa angapange zipangizozo tsiku limodzi. Koma pali cosowa cacikulu. Iye anena kuti kuyesako kunabwerezedwa nthawi 100, ndi kuti pobwereza ulendo umodzi kusiyana sikunapitirire gawo limodzi la magawo khumi a kugunda kumodzi kwa mtsempha wa pa dzanja. Koma sapatsa wowerenga ngakhale ciwerengero cimodzi ca kulemera kwa madziwo. Mboni yongonena kuti inaona, osachula tsiku kapena malo, pa bwalo amaikayikira. Mu 1953 Alexandre Koyré, wolemba mbiri ya nzeru zotere, ananena kuti ndi zipangizo zacabecabe ngati zimenezo palibe munthu akadapeza zolondola. Yankho linabwera mu 1961, pamene wophunzira wina wa ku America, Thomas Settle, anapanga thabwa lace, natenga mphika wa maluwa m'malo mwa cotengera ca madzi, napeza kuti lamulo lituluka bwino lomwe. Patapita zaka zina Stillman Drake, pofufuza mapepala akale a Galileo osungidwa ku Florence, anapeza masamba olembedwa ndi dzanja lace, okhala ndi ziwerengero za kuyesa kwace. Mlandu unamkomera Galileo, koma unacedwa zaka zoposa 300 cifukwa ca ziwerengero zimene iye mwini anazisiya m'bokosi.

Pali cinanso cimene sanacione. Mbulunga yogubuduka sifanana kwenikweni ndi mwala wogwa, pakuti mbali ina ya kutsika kwace ithera pa kuizungulitsa, ndipo ifulumira mocepera cinthu cotsetsereka popanda cokhulana naco. Mwai wace unali wakuti lamulo la 1, 3, 5, 7 silisintha ngakhale zitero.

Katungwe ndi msomali

Fanizo lina la tsiku lacitatu ndi losabvuta kuposa onse, ndipo wowerenga angalicite m'nyumba mwace madzulo ano. Akhome msomali pa khoma, namangepo ulusi wautali mikono iwiri kapena itatu, ndi kumangirira kamwala kunsi kwace. Alembe mzere wopingasa pa khomalo, akokere mwala pambali kufikira ufike pa mzerewo, nauleke. Mwala utsika, nupitirira, nukwera mbali inayo kufikira pafupifupi pa mzere womwewo, monga acita mwana pa katungwe. Tsono akhome msomali waciwiri pansi pa woyamba, kuti ulusi ukodwe pamenepo mwala ukafika pakati. Njira ya mwala isintha, ikhala yaifupi ndi yokwera mwadzidzidzi. Koma mwala ukwerabe kufikira pa mzere uja. Asunthe msomaliwo, autsitse pang'ono. Mwala ufikabe pa mzere. Njira ingakhale yotani, mwala ubwerera pa msinkhu umene unacokera.

M'fanizo limeneli muli mbeu ya ciphunzitso cacikulu cimene Galileo analibe mau ocichulira. Wokwezera mwala pa mzere wagwira nchito, ndipo anzeru a masiku ano ayesa nchito motere: mphamvu yokankha kapena yokoka, kuiculukitsa ndi mtunda umene cinthu casuntha. Kukweza thumba limodzi la cimanga mamita 2 ndi nchito yolingana ndi kukweza matumba 2 mita imodzi. Nchito imeneyi sitayika. Isungika m'mwala wokwezedwa, isanduka liwiro mwala ukamatsika, nibwereranso kukhala msinkhu mwala ukamakwera. Cosungikaco cingachulidwe nyonga. Pang'ono pamene mwala upereweza kufika pa mzere, nyongayo yapita ku mpweya ndi ku kukhulana kwa ulusi, nisanduka kutentha. Galileo anaona kuti pali kanthu kamene mwala utenga potsika nukabweza pokwera, koma pokachula asinthasintha mau atatu kapena anai, kotero kuti wowerenga nthawi zina sadziwa ngati anena za liwiro, za kulemera, kapena za zonse ziwiri. Monganso m'Cinyanja liu limodzi lakuti mphamvu lisenza akatundu ambiri. Nkobvuta kumdzudzula pa ici, popeza mauwo anali asanakhazikike. Liu lakuti nchito linalowa m'mabuku ndi tanthauzo limeneli mu 1829, m'buku la Mfalansa Gaspard Coriolis, ndipo James Joule wa ku England anapima kusanduka kwa nchito kukhala kutentha pakati pa 1840 ndi 1850.

Koma pa katungwe yemweyo mpamene Galileo analakwa poyera. Salviati anena kuti mwala wa pa ulusi utenga nthawi yofanana pa ulendo uli wonse, ngakhale munthu aukokere kutali kapena pafupi. Ndipo patsiku lacinai alimbikira kuti anthu awiri, wina wowerenga maulendo aatali, wina aafupi, angafike pa mazana osasiyana. Pa maulendo aafupi okhaokha mauwo ali pafupi ndi coonadi, ndipo mawochi a pa khoma anapangidwa potsata comweco. Koma munthu akakoka mwala kufikira ulusi utapingasa, ulendo ucedwa: pamene mwala wa maulendo aafupi wayenda 6, uwu wayenda pafupifupi 5. Kusiyana kotere sikubisika. Ana awiri okhala ndi ulusi wolingana angakuone asanawerenge 20. Lamulolo linali lokongola, ndipo Galileo analikonda kuposa sikelo yace. Christiaan Huygens wa ku Holland ndiye analongosola bwino nkhaniyi, m'buku lace la mawochi la 1673.

Cipolopolo, ndi funso losayankhidwa

Aristotle anatinso cinthu cokankhidwa ciyenda pokhapokha cocikankha cikadalipo: ngolo iima ng'ombe zikaima. Galileo atembenuza funsolo. Ngati mbulunga ifulumira potsika nicedwa pokwera, nanga pa malo osalala, osatsika ndi osakwera, idzatani? Idzayendabe ndi liwiro lomwelo kosaleka, ngati palibe coitsekereza. Ngolo iima cifukwa ca kukhulana kwa magudumu ndi nthaka, si cifukwa cakuti kuyenda kumatha kokha ai.

Pa maziko amenewa tsiku lacinai limanga nkhani ya cipolopolo. Cinthu coponyedwa ciri ndi maulendo awiri pa nthawi imodzi: cipita kutsogolo ndi liwiro losasintha, nicigwa pansi mwa lamulo la 1, 3, 5, 7, ndipo ulendo wina susokoneza unzace. Njira yace ndi uta wonga wa madzi otumphuka pa ciboo ca m'mbali mwa ndowa, umene anzeru a ziwerengero amauchula parabola. Sagredo akumbukira kuti oomba mizinga anamuuza kuti cipolopolo cifika kutali koposa mzinga ukaloza pakati penipeni pa kutsogolo ndi kumwamba, ndiwo madigiri 45. Asilikari anadziwa ici mwa kuzolowera. Buku lionetsa cifukwa cace, nilionjezera cina: kukweza mzinga kuposa pamenepo, kapena kuutsitsa mwa muyeso womwewo, cipolopolo cigwera pa malo amodzi. Galileo abvomera yekha kuti mpweya uononga ziwerengero zimenezi pa zipolopolo zaliwiro kwambiri, ndipo kubvomera kumeneku kumpatsa ulemu.

Funso limodzi buku likana kuliyankha: cimene cikokera mwala pansi nciani? Anzace awiri atayamba kupereka maganizo ao, Salviati awaletsa, nati si nthawi yace. René Descartes, m'kalata imene analembera Marin Mersenne mu October 1638, anadandaula kuti Galileo wamanga popanda maziko. Koma kukana kumeneko kunali nzeru. Galileo anasankha kupima cimene cingapimidwe, nasiya cotsalaco kwa obwera m'mbuyo. Isaac Newton mu 1687 anamanga pamwamba pace, naonetsa kuti nchito ya mphamvu ndiyo kusintha liwiro kapena njira ya cinthu, ndi kuti mphamvu yokokera mwala pansi ndi yomweyo igwira mwezi pa njira yace. Malamulo a Descartes a kugundana kwa zinthu, omangidwa pa maziko amene iye anawakhulupirira, ambiri anapezeka olakwa.

Pamene wowerenga asiyidwa pa khomo

Zolakwa zina ndi zazing'ono. Sagredo asimba za pampu ya pa citsime imene inaleka kukoka madzi atatsika, ndipo mmisiri anamuuza kuti palibe pampu yokoka ingakweze madzi kupitirira mikono 18, ndiwo mamita pafupifupi 10. Mmisiriyo ananena zoona. Koma buku lilongosola kuti madzi a mu mpopi ali ngati cingwe cimene ciduka ndi kulemera kwace. Si tero ai. Mpweya wa kunja ndiwo ukanikiza madzi a m'citsime nuwakankhira mu mpopi, ndipo mphamvu yace ilekeza pamenepo. Evangelista Torricelli, amene anakhala ndi Galileo miyezi yace yotsiriza, analongosola ici m'kalata mu 1644. Galileo anatinso unyolo wolendewera pakati pa misomali iwiri upanga parabola. Huygens anaonetsa kuti si tero mu 1646, akali mnyamata wa zaka 17. Tsiku loyamba nalonso liyendayenda ngati kuceza kwa pa mowa: lilowa pa ziwerengero zopanda malire, lidumphira pa nyali zoyesera liwiro la kuwala, nilithera pa nsambo za zoimbira.

Colakwa cacikulu ndi ca mtundu wina. Masiku awiri oyamba alembedwa m'Citaliyana, cilankhulo ca pa msika ndi ca amisiri, ndipo kumeneku kunali kulimba mtima, pakuti anthu ophunzira a nthawi ija anali kulemba m'Cilatini. Koma patsiku lacitatu Salviati atulutsa mapepala a Cilatini, amene ati analemba ndi bwenzi lao lina, ndiye Galileo mwini, nayamba kuwawerenga. Kuceza kuzilala. Mizere ndi zilembo zidzala tsamba ndi tsamba. Pa kufulumira kokha pali mfundo 38, ndipo zambiri za izo zingosimba nthawi ya mbulunga pa matabwa opendeka mosiyanasiyana, osaonjezera kanthu kamene munthu angapite nako kwao. Simplicio, amene m'buku limeneli sali copusa, amene anabvomera kuti akadayambanso sukulu akadayambira pa ziwerengero, akhala cete masamba ambiri. Ndipo poyamba tsiku lacinai aulula kuti sanathe kutsata. Nzoona kuti lamulo la kayendedwe silingaime popanda ziwerengero. Koma munthu amene anatha kulongosola katundu wa pa phewa ndi mau osabvuta akadatha kuima kawirikawiri ndi kumasulira. Anaitana wowerenga wamba pa bwalo la amisiri, ndipo pofika pa cakudya ceniceni anamsiya pa khomo.

Bukuli linatuluka losatha. Pa mapeto a tsiku lacinai anthu atatu aja achula nkhani ya nyundo, naisiyira tsiku lina: cifukwa ninji cikhomo cimene sicisuntha munthu atacisenzetsa mwala waukulu, cilowa pansi akacimenya ndi nyundo yopepuka? Yankho linali pafupi, pa khoma lija la msomali. Nyundo ya makilogalamu 5 yogwa mita imodzi yasunga nchito ya kukwezedwa mita imodziyo. Cikhomo cikalowa sentimita imodzi yokha, nchito yonseyo ithera pa mtunda wocepa ka 100, ndipo mphamvu ikula ka 100: cikhomo cimva ngati casenza makilogalamu 500. Nthaka ikalimba, cikhomo nkulowa theka la sentimita, cimva ngati 1,000. Ici ndico cinamzunguza Galileo. Anafuna kupeza kulemera kumodzi kolingana ndi kumenya kumodzi, napeza kuti kulemerako kusintha pa kumenya kuli konse, nayamba kuganiza kuti mphamvu ya kumenya iribe malire. Analemba mbali ina ya nkhaniyo, koma anamwalira pa 8 January 1642 isanasindikizidwe. Inatuluka ku Florence mu 1718, mwini wace atagona m'manda zaka 76. M'masamba amenewo Salviati ndi Sagredo aceza ndi munthu wina, wophunzira wakale wa Galileo dzina lace Aproino, Simplicio mulibe.